Ndapuma pantchito, ndikufuna kukaphunzira mbiri ya kanema, koma kunyumba kwavuta

NamwinoWopuma
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani imene ikundisowetsa tulo, ndipo ndikupempha maganizo anu mosapsatira mawu. Ndine mayi wa zaka 63. Ndagwira ntchito ya unamwino kuyambira ndili mtsikana, poyamba kumudzi, kenako kuno ku London, ndipo chaka chatha ndinapuma. Tsopano mtima wanga uli pa kubwerera kusukulu, ku yunivesite, kukaphunzira mbiri ya kanema: mmene mafilimu anayambira, amene ankawapanga, amene ankawaonera, ndi mmene anafikira kwathu. Ndayang'ana ku Birkbeck, yunivesite ya kuno ku London, chifukwa amaphunzitsa madzulo ndipo kumakhala ophunzira ambiri achikulire.

Vuto lili kunyumba. Mwana wanga wamkazi akuti ndipume, miyendo inatha kale ndi ntchito za usiku. Wamwamuna akuti ngati nkhani ndi mafilimu andilipirira Netflix. Achimwene anga kumudzi ndiye anachita kundiimbira foni, akuti nyumba ya ku Lunzu sinathe, ana a malemu mchemwali wathu akufuna fizi, ine n'kumaganiza zokataya ndalama pa zoonera. Mawu amenewo anandilasa kwambiri chifukwa anawo sindinawatayepo. Kodi ndikulakwa? Alipo pano amene anabwerera kusukulu atakula?

WaKuNdirande
Amayi, pitani. Mwasamalira odwala moyo wanu wonse, ana mwaphunzitsa, kumudzi mwatumiza. Lero mukapemphenso chilolezo kwa yani?

MalumeWaBajeti
Ine ndinena zimene ena aziopa kunena. Mayi, achimwene anuwo sanalakwitse kwenikweni, kungoti mawuwo anawaponya moipa. Penshoni siili ngati malipiro oti ukagwira maola owonjezera amakwera. Kumudzi zinthu zinalusa chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mwana amene ali Fomu 3 akasowa fizi chaka chino tsogolo lake lakhota basi. Inu digiri imeneyi simukafunira ntchito. Ndiye mbali ino kuli chimwemwe cha munthu mmodzi, mbali inayo kuli ana amasiye. Sindikuti musaphunzire ayi. Mabuku ali mbwee ku laibulale, aulere. Yunivesite mukuifuniranji?

Kalaliki_Luton
A Malume, kwacha ikagwa paundi imagula makwacha ambiri. Wotumiza kuchokera kuno sanapwetekeke ngati wolandira malipiro kumudzi.

MalumeWaBajeti
Mitengo inathamanga kuposa pamenepo. Funsani amene akugula simenti.

Kalaliki_Luton
Chabwino, koma tisanakangane za mtima tione kaye za thumba, chifukwa ambiri sadziwa mmene ngongole za ophunzira zimayendera kuno ku England. Ngongole ya boma yolipirira fizi ya digiri yoyamba ilibe malire a zaka, bola mapepala anu okhalira m'dziko muno akhale olongosoka. Msampha wake ndi wakuti ngati muli kale ndi digiri, ngakhale yotenga kunja, kawirikawiri sakulipiriraninso ina yofanana nayo. Ya masters ndiye ili ndi malire: munthu akhale asanakwanitse zaka 60 pa tsiku loyamba la chaka cha maphunzirowo. Inu pamenepo mwadutsa kale. Ndiye funso langa n'lakuti, pepala lanu la unamwino ndi dipuloma kapena digiri? Kubweza kumatengera ndalama zimene munthu amalandira pachaka, wosafika pa mlingo umene anaika sadulidwa kanthu. Chinanso, poti mumakhala mu London ndipo mwapitirira zaka 60, khadi la Oyster la achikulire likupatsani basi ndi sitima yapansi yaulere madzulo, ndiye za thiransipoti musawerengere.

NamwinoWopuma
Zikomo a Kalaliki. Yanga ndi dipuloma ya kumudzi. Kuno ndinangowonjezera timakosi ta kuntchito, digiri ndilibe.

Kalaliki_Luton
Ndiye khomo silinatsekeke. Koma dipuloma nayonso amaiwerengera ngati maphunziro akale, ndiye imbirani a Student Finance, opereka ngongole za ophunzira, muwafotokozere zonse musanalembe fomu iliyonse.

Ndix265
Aunt musakhumudwe, ndikufunsa moona mtima. Mbiri ya kanema amaphunziramo chiyani? Si kungokhala pansi n'kumaonera mafilimu akale opanda mtundu aja?

MkonziWaVidiyo
Ndix, ndikuyankhe ine poti ndimadya za kudula ndi kulumikiza zithunzi, ndipo kalasi ya mbiri ndi imene inanditsegula maso ndili pasukulu ku Johannesburg. Kuonera kulipo, koma ndi kuonera kogwira cholembera. Mumayamba ndi abale awiri a Lumière amene anaonetsa timafilimu tawo kwa anthu olipira ku Paris pa 28 Disembala 1895. Timafilimuto tinali tosakwana ndi mphindi imodzi, kamera itangoima malo amodzi, anthu akutuluka m'fakitale. Ndiye funso limabwera: zinatheka bwanji kuchoka pamenepo kufika poti filimu ikuliritse misozi?

Yankho lina lili kwa Lev Kuleshov wa ku Russia. Iye anatenga nkhope imodzimodzi ya mwamuna, yosaseka yosalira, n'kuilumikiza ndi mbale ya supu, kenako ndi bokosi la maliro, kenako ndi mkazi. Oonera ankati munthuyu ali ndi njala, apa ali ndi chisoni, apa wakopeka, chonsecho nkhopeyo sinasinthe. Tanthauzo limabadwira pamene zithunzi ziwiri zakumana. Ine ndikamakonza vidiyo ya ukwati n'kuika nkhope ya apongozi pambuyo pa kupsompsonana kwa akwati, ndikugwiritsa ntchito nzeru yomweyo.

Kenako mawu analowa mu 1927, liwiro la filimu linakhazikika pa zithunzi 24 pa sekondi, makamera anayamba kutsekeredwa m'mabokosi kuti phokoso lawo lisamveke, ndipo oimba amene ankaimba m'nyumba za kanema ntchito inawathera. Mumaphunziranso za ndalama: ankalipira ndani, ankaletsa ndani, wosauka ankakhala mpando uti. Netflix ikupatsa filimu, koma siikufunsa funso lililonse.

Ndix265
Zomveka bwana. Koma zonsezo ndi za azungu. Ife tikulowamo pati?

Mphunzitsi_Zomba
Mwana wanga Ndix, tikulowamo kale kwambiri, kungoti sanatiphunzitse kusukulu. Ndaphunzitsa History ku sekondale mpaka kupuma, ndipo nkhani iyi m'silabasi munalibe.

Pakati pa 1935 ndi 1937 kunali ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment. Anaiyambitsa a International Missionary Council ndi ndalama za Carnegie Corporation ya ku America, ndipo oyendetsa anali L. A. Notcutt ndi G. C. Latham. Likulu lawo linali ku Vugiri, m'mapiri a Tanganyika. Anapanga mafilimu pafupifupi 35 pa filimu yopapatiza ya 16mm, a za njoka za m'mimba, kusunga ndalama ku positi ofesi, ulimi, msonkho. Mawu sanali pafilimu penipeni, ankawajambula pa mbale za galamafoni m'zinenero zosiyanasiyana, ndipo Chinyanja ndi Chitumbuka zinali m'gulumo. Anakweza zonse pa lole n'kuyenda nazo mpaka ku Northern Rhodesia ndi kuno ku Nyasaland. Ndiye kuti agogo athu ena anamva chinenero chawo chikutuluka pambali pa chinsalu nkhondo yachiwiri isanayambe. Mwa mafilimu onsewo, atatu okha ndi amene anapulumuka, ndipo ali m'nkhokwe ya BFI (British Film Institute), bungwe losunga mafilimu ku Britain konko.

Mu 1939 boma la Britain linakhazikitsa Colonial Film Unit, mtsogoleri wake William Sellers, amene poyamba anali wa zaumoyo ku Nigeria. Bamboyu ankakhulupirira kuti munthu wakuda wakumudzi sangatsatire filimu yothamanga. Ndiye malamulo ake anali akuti kamera isayendeyende, chithunzi chikhalitse, pasakhale kudumpha nthawi. Ganizo limeneli linalamulira mafilimu otipangira ife kwa zaka zambiri.

Kenako mu 1948 kunabwera Central African Film Unit, likulu ku Salisbury, Harare ya lero, yotumikira Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri aja mpaka 1963. Inapanga mafilimu oposa 600. Ambiri ankayenda motere: mlimi wina womvera alangizi, wina wamakani, pamapeto womvera akukolola, wamakani akugwira chala pakamwa. Chitaganya chitayamba mu 1953, ntchito yawo inapendekera kwambiri ku kukometsa Chitaganyacho. Anthu amene akuoneka m'mafilimuwo ndi abale athu, minda yake ndi yathu, koma mayina awo ambiri sanalembedwe.

Mayi NamwinoWopuma, mwina simukudziwa kuti Birkbeck imene mwasankhayo inali nawo pa ntchito yosonkhanitsa ndi kufotokoza mafilimu a atsamunda, pamodzi ndi University College London, BFI ndi Imperial War Museum. Tsamba lake pa intaneti limatchedwa Colonial Film, ndipo mukhoza kufufuza za Nyasaland pomwepo.

NamwinoWopuma
Aphunzitsi, mwandigwira pamtima. Zimene mwalembazi ndi zimene zinandiyambitsa, kungoti sindimatha kuzifotokoza bwino kwa ana anga.

Kwathu ndi ku Dedza. Tili ana kunkabwera galimoto yachikasu ya a zaulimi. Ikangolowa m'mudzi masana, nkhani inkafika kumadimba dzuwa lisanapendeke, amayi n'kuphika nsima msanga. Ankaimika pabwalo la mpira la sukulu, chinsalu n'kuchikoka, jenereta n'kuyamba kulira. Ife ana kutsogolo pafumbi, amayi kumbuyo ndi makanda, abambo chilili m'mbali ngati sakufuna kuonera, koma osachoka. Munthu wina ankaima ndi chimkuzamawu n'kumafotokoza zimene zikuchitika, ndipo iyeyo ndi amene ankakometsa kapena kuipitsa usiku wonse. Filimu ikanena za feteleza, iye ankatchula mayina a anthu a m'mudzi momwemo, akuti taonani munda wa uje uwo, anthu n'kufa nacho chiseko. Ena ankazungulira kuseri kwa chinsalu kukaonera chakumbuyo chifukwa kutsogolo kwadzaza.

Tsiku lina ndinaona filimu ya mtundu umenewu pa intaneti, chete, yopanda wofotokoza, yopanda anthu. Inali yozizira, yotopetsa. Ndinazindikira kuti chimene ife tinkaonera sichinali filimu yokhayo. Theka lake linali bambo wa chimkuzamawu uja ndi ife oonera. Theka limenelo analemba ndani?

MwanaWaKitwe
Amai mwakamba zoona. Ine ndine wa ku Chipata koma ndinakulira ku Copperbelt, atate anali pa mgodi. Akuluakulu kumeneko amakamba kuti mafilimu a boma ophunzitsa aja anthu sanali kuwafuna, anali kuyembekeza a makauboyi. Kauboyi aliyense dzina lake anali Jack. Akayamba ndeu anthu onse kuimirira, kukuwa "Jack! Jack!", ana m'komboni mawa lake kuyenda ngati Jack ndi mfuti za mitengo. Mzungu wina wamkazi wa ku America, Hortense Powdermaker, anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954 ndipo analemba zimene anthu anali kukamba pa kanema. Mafilimuwo anali odulidwadulidwa ndi a censor, Chizungu chake cha ku America anthu sanali kumva, koma nkhani anali kupanga okha. Ndiye uja Sellers amene anati sitingatsatire filimu yothamanga, sanaone anthu a pa mgodi.

NamwinoWopuma
Bambo anga anapita ku Wenela ndisanabadwe, ndipo nawonso ankasimba za kanema wa m'kompaundi ku Joni. Chipewa chawo chachikulu chija ankachipendeketsa mwa mtundu wina, ife tinkangoti ndi za ku Joni.

Mphunzitsi_Zomba
Kanema wa m'makompaundi a migodi ya ku Johannesburg anamulimbikitsa ndi mmishonale wa ku America, Ray Phillips, m'zaka za m'ma 1920, eni migodi akulipira. Cholinga chinali choti anthu asamapite kumowa ndi kumisonkhano. Amalawi ambiri anaonera kanema koyamba kumeneko, mpaka Kamuzu anaimitsa Wenela mu 1974 ndege itagwa ku Francistown.

MalumeWaBajeti
Mwaona? Zonsezi mwaphunzira pompano usiku umodzi, osalipira tambala. Mfundo yanga ija yaima.

AgogoAkuSukulu
A Malume, ndikuyankheni ine amene ndinadutsamo. Ndinapuma ku ntchito ya boma, kenako ndinalembetsa digiri ya mbiri. Zimene aphunzitsi a ku Zomba alemba apazi n'zokoma, koma kuwerenga pagulu ndi kuphunzira n'zosiyana. Pano mukawerenga mumagwedeza mutu n'kukagona. Kusukulu amakuuzani kuti lembani masamba khumi, tsiku lake ndi ili, ndipo chilichonse mwanena musonyeze pamene mwachitenga. Ndiye wina amene wathera moyo wake pa nkhaniyo amawerenga n'kukulemberani m'mbali kuti apa mwangoganiza, umboni palibe. Zimawawa, koma mutu umakula pamenepo. Laibulale yokha sikutsutsa munthu.

Mayi, ndikuuzeninso zovuta kuti musadzati sitinanene. Choyamba ndi kompyuta. Zonse masiku ano zimadutsa pamenepo, zowerenga, kupereka ntchito, ngakhale kudziwa chipinda cha kalasi. Yambani kuzolowera panopa, ndipo mwana amene akufuna kukulipirirani Netflix uja mumugwire akuphunzitseni. Chachiwiri ndi maso ndi msana, kuwerenga kwake n'kwambiri. Chachitatu, ife akuluakulu timakonda kusimba. Mphunzitsi akafunsa funso, timayamba ndi "m'nthawi yathu", ana aja n'kuyamba kuyang'ana mafoni. Nkhani ya galimoto yachikasu ija ndi chuma, koma muisunge, muitulutse pamalo pake, makamaka polemba. Mukatero anawo adzayamba okha kukufunsani.

Chimene sindinayembekezere n'chakuti mantha a mayeso amene ndinali nawo ndili mnyamata anali atapita. Sindinkaphunzira kuti wina andilembe ntchito. Ndinkawerenga chifukwa ndikufuna kudziwa, ndipo zinkalowa.

Nachisale_BT
Inu mukukamba za galimoto zam'midzi, ife a m'tauni tinali ndi Apollo ku Blantyre. Loweruka masana mzere mpaka panja, mafilimu a karate ndi a chimwenye. Munthu unkasunga ndalama ya basi n'kuyenda wapansi kuti upeze ya tikiti.

WaKuNdirande
Ndipo mwamuna ndi mkazi akangoyandikizana nkhope, chithunzi chinkadumpha, mwadzidzidzi kwacha, ali pa tebulo akumwa tiyi. Holo yonse kukuwa.

Mphunzitsi_Zomba
Limenelo linali lumo la Censorship Board, pansi pa lamulo la 1968 la Censorship and Control of Entertainments. Kumbukiraninso kuti dziko lathu linakhala lopanda wailesi yakanema mpaka 1999. Ndiye kwa zaka zonse za ulamuliro wa chipani chimodzi, chithunzi choyenda chimene Mmalawi wamba ankaona chinkadutsa m'manja mwa boma, kaya ndi pagalimoto ija kaya ndi m'holo. Imeneyonso ndi mbiri ya kanema, ndipo ndi yathuyathu.

Ndix265
Ife tinakulira m'mavidiyo sho. Kachisakasa ka mapepala akuda, mabenchi, sipika panja kuti odutsa amve zibakera. Kenako kunabwera aja omasulira mafilimu m'Chichewa. Kunena zoona filimu ya ku China yopanda womasulira sindiimaliza.

MkonziWaVidiyo
Aja amawononga ntchito za eni ake. Munthu wavutika kukonza mawu ndi nyimbo, wina n'kungopondapo ndi nthabwala zake, nkhani n'kuipotoza. Komanso palibe amene amalipira mwini filimu.

Ndix265
Amawononga bwanji pamene agogo anga amene sanapite kusukulu amatsatira filimu yonse chifukwa cha iwowo?

MkonziWaVidiyo
Amatsatira nkhani ya womasulirayo, osati ya filimu.

Nachisale_BT
Nanga bambo wa chimkuzamawu wa ku Dedza uja ankatani? Si zomwezo?

MkonziWaVidiyo
Apo mwandigwira, achemwali. Ndipo si kwathu kokha. Ku Japan nthawi ya mafilimu opanda mawu kunali anthu otchedwa benshi, oima pambali pa chinsalu n'kumafotokoza, ndipo ena anali otchuka moti anthu ankatsata iwowo osati filimu. Ku Uganda aliko mpaka lero, amawatcha ma VJ. Koma za kulipira mwini filimu ndiye sindisintha maganizo. Charles Shemu Joyah anatulutsa Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise movutikira, Joyce Mhango Chavula anabweretsa mphoto ya Africa Magic mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe. Anthu oterewa apitiriza bwanji ngati ntchito yawo ikungokopedwa pamsika ndi aja oika mafilimu m'mafoni?

Woyang'aniraGulu
Abale, nkhani ya okopa mafilimu itsegulireni mutu wakewake. Pano mayi afunsa za sukulu ndi za kunyumba kwawo.

MwanaWachisamba
Ine ndiyankhulireko mwana wawo wamkaziyo, chifukwa pano akuoneka ngati woipa. Amayi anga nawonso anali namwino kuno. Ife ana tinawaona akubwera m'mawa maso ali psuu, mapazi otupa, kugona pang'ono n'kudzukanso kukaphika. Ukamuona kholo lako likuvutika choncho, chimene umalota n'chakuti tsiku lina lidzakhale pansi. Ndiye likati ndikufuna kumakwera sitima usiku m'nyengo yozizira kupita kukalasi, mtima umakana. Si kunyoza ayi.

Koma ndinenenso mbali inayo. Amayi atapuma tinawakhazikadi pansi. Miyezi ingapo yoyamba anasangalala. Kenako anzawo onse anali kuntchito, kunja kukuda 4 koloko, iwo pawindo. Anayamba kuiwala masiku, kudwaladwala, kukwiya ndi zazing'ono. Anadzatsitsimuka atalowa kwaya ndi kagulu kosoka. Ndiye mayi, mwana wanuyo musakangane naye. Mutengeni tsiku limene sukulu imatsegulira alendo, akaone malowo, akaone kuti kuli anzanu a imvi, adziwe sitima imene muzikwera pobwerera. Mantha ake ndi a njira ndi thanzi lanu, muwayankhe amenewo.

NamwinoWopuma
Mwanawe, wandiliritsa. Sindinaganizepo kuti iyeyo ankaona zonse zija. Ndimuimbira mawa.

Mphunzitsi_Zomba
Ndiwonjezere chimodzi kwa a Malume, chifukwa funso lawo lakuti phindu lake n'chiyani ndi funso labwino. M'nkhokwe za ku London, ku Harare ndi kuno ku Zomba muli mafilimu ndi malipoti a maofesala. Malipotiwo amanena zimene mzungu kapena wa boma ankaganiza kuti anthu amva. Mawu a oonera eni ake ndi ochepa kwambiri. Amene anaonera mafilimu a Central African Film Unit ali ana, lero ali ndi zaka za m'ma 70 ndi 80. Wofufuza wachizungu akapita ku Dedza afunika womasulira, ndipo agogo adzamuyankha mwaulemu zimene akuganiza kuti mlendo akufuna kumva. Mayiwa akapita, akhala pamkeka, atchula galimoto yachikasu, ndipo nkhani idzatuluka yokha. Pamwamba pa apo ndi namwino, moyo wawo wonse akhala akufunsa anthu mafunso ndi kumvetsera. Chimene akusowa ndi njira yake: kufunsa motani, kusunga motani, kuyerekeza motani ndi zolembedwa. Zimenezo ndi zimene yunivesite imaphunzitsa.

Za msinkhu musadandaule nazo. Ousmane Sembène wa ku Senegal anali wonyamula katundu padoko la Marseille, kenako wolemba mabuku, ndipo anapita ku Moscow kukaphunzira kupanga mafilimu akuyandikira zaka 40, ataona kuti anthu ake ambiri sangawerenge mabuku ake a Chifalansa. Borom Sarret inatuluka mu 1963, iye atabadwa mu 1923.

MalumeWaBajeti
Zaka 40 si 63, aphunzitsi. Koma mfundo ya agogo akutha ija ndaimva. Funso langa likadali pa ana amasiye aja.

NamwinoWopuma
A Malume, funso lanulo ndi limene ndakhala nalo usiku wonse, ndipo ndikuthokozani kuti simunandinyengerere. Ndaganiza motere. Fizi ya ana a mchemwali wanga siikhudzidwa, imeneyo ndiika padera mwezi uliwonse monga kale, ndipo achimwene ndiwauza zimenezo momveka. Nyumba ya ku Lunzu ndiyo idikire. Ili ndi denga ndi zitseko, matailosi sathawa. Sindiyamba ndi digiri yonse. Ndifunsa ngati ndingayambe ndi satifiketi kapena kosi imodzi, ndione ngati mutu ndi miyendo zikulola, uku ndikufufuza za ngongole monga anenera a Kalaliki. Ndikapita kumudzi ndikatenga foni yojambulira mawu, ndikayambe ndi azakhali anga amene akadali ndi nzeru zawo zonse.

MalumeWaBajeti
Ngati fizi ya ana ili padera, ine ndilibenso mlandu nanu. Koma mulembe papepala, ndalama zolowa ndi zotuluka, musanalipire kalikonse. Ndipo achimwenewo muwauze ndinu, asamve kwa ena.

Kalaliki_Luton
Poyembekezera, pitani ku BFI Southbank, nyumba ya kanema ya BFI mu London momwemo. Laibulale yawo ya Reuben ndi yaulere, ndipo pali chipinda choonera mafilimu a m'nkhokwe mwawo osalipira. Mukazolowere kukhala ndi kope pamaso pa filimu sukulu isanayambe.

AgogoAkuSukulu
Pojambula azakhaliwo muyambe ndi kutchula tsiku, malo ndi dzina lawo, ndipo muwapemphe chilolezo mawu akujambulidwa. Kusukulu adzakufunsani zimenezo.

Nachisale_BT
Nkhani ino yandikumbutsa. Malemu amalume anga ankagwira ntchito yoonetsa kanema m'midzi, ndipo kunyumba kwawo kuli zitini zozungulira zingapo m'chipinda chosungira chimanga. Ana ankafuna kutaya. Muli mafilimu m'katimo. Tingatani nazo?

MkonziWaVidiyo
Achemwali, musataye ndipo musayese kuziika pa pulojekita, filimu youma imaduka ngakhale kukalika. Choyamba zichotseni m'chipinda cha chimangacho, kutentha ndi chinyezi ndi zimene zimapha filimu. Tsegulani chitini chimodzi panja pamthunzi. Mukamva fungo la viniga, ndiye kuti yayamba kuwola, ndipo yoteroyo muipatule chifukwa mpweya wake umafulumizitsa zinzake. Yezani m'lifupi mwa filimuyo. Ngati ndi 16mm, yopapatiza ngati chala, mtima ukhale m'malo, imeneyo sinkapangidwa ndi nitrate, chinthu choyaka msanga chimene ankapangira mafilimu akale. Ikakhala 35mm yakale kwambiri, ya chisanafike chaka cha 1951, isayandikire moto kapena mbaula, nitrate ikayaka madzi sazimitsa. Musaone ngati n'zachabe: ku America komwe, kafukufuku wa 2013 wa Library of Congress, laibulale yaikulu ya dzikolo, anapeza kuti mafilimu awo aataliatali opanda mawu 70 mwa 100 alionse anatayika. Jambulani ndi foni zolembedwa pa chitini chilichonse, chivindikiro ndi m'mbali momwe.

Mphunzitsi_Zomba
Zithunzizo muziike pano tione mitu yake. Kenako mulankhule ndi a National Archives kuno ku Zomba, ndi amene ali ndi udindo wosunga zoterezi. Ndikhoza kukuperekezani mukabwera.

Nachisale_BT
Ndipita Loweruka. Zina zilibe zolemba, mapepala ake anadyedwa ndi chiswe.

MkonziWaVidiyo
Zopanda zolembazo, sambani m'manja, gwirani filimu m'mphepete mokha, tambasulani pang'onopang'ono mita imodzi kapena ziwiri zoyambirira n'kuyang'anitsa kowala. Mutu wa filimu umakhala koyambirira komweko. Ikakhala yomatana musakakamize, itsekeni momwemo mupite nayo ku Zomba.